Mayina Oyenera Kutuluka Pabwalo

Pa ntchito zonse zimene mmisiri wa mapulogalamu a kompyuta amagwira, ilipo imodzi imene munthu sayamikidwa nayo, popeza mwini ndalama saiona, wogwiritsa ntchito pulogalamuyo sadziwa n'komwe kuti iliko, ndipo ngakhale amisiri ambiri amaipitirira osacheuka. Koma ine, amene ndakhala ndikudya za luso limeneli kuno ku Chipata, kutali ndi mizinda kumene zida zathu zimasulidwa, ndafika poiyesa yolemera kuposa zambiri zimene zimatchuka. Ntchitoyo ndiyo kulemba mndandanda wa mayina amene laibulale ya pulogalamu ikuvomera kuwatulutsa panja kuti mapulogalamu ena aziwaitana, ndi kutsekera m'kati ena onse otsala.

Kwa amene sanalowepo m'chipinda chathu ndiyenera kuyamba ndalongosola pang'ono. Pulogalamu siilembedwa yonse ndi munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Zimene mapulogalamu ambiri amazifuna mofanana, monga kuwerengera, kujambula zilembo, kubisa uthenga kuti akuba asauwerenge, zinalembedwa kale ndi ena, n'kuikidwa m'mafayilo otchedwa malaibulale. Ndipo m'laibulale iliyonse muli zigawo zambiri, chilichonse ndi ntchito yake ndi dzina lake. Kale, pomanga pulogalamu, chida chotchedwa linker chinkakopera zigawo zofunikazo n'kuzimata m'thupi la pulogalamuyo, kotero kuti mapulogalamu makumi awiri ankasenza makope makumi awiri a chinthu chimodzimodzi. Njira ina, imene akatswiri a Multics anaiyamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya Sun inaifalitsa pakati pa ogwiritsa ntchito Unix m'chaka cha 1988 ndi SunOS 4.0, ndiyo kusiya laibulale payokha, pulogalamu n'kungosunga mayina a zigawo zimene idzafune. Pa nthawi yoitsegula, linker ina yokhala m'kompyutamo imayenda ndi mayinawo, kufunsa laibulale ndi laibulale kufikira aliyense atapezeka mwini wake. Mafayilo amenewa pa Windows amathera ndi .dll, pa Linux ndi Android amathera ndi .so. Phindu lake n'lachidziwikire: malo amasungika, ndipo cholakwa chikapezeka m'laibulale, chimakonzedwa kamodzi, mapulogalamu onse n'kuchira pamodzi. Koma mtengo wake ndi wakuti kuyambira tsiku limenelo pulogalamu ndi laibulale zimakhala pa pangano, ndipo panganolo lalembedwa m'mayina.

Tsono pa funso lakuti ndi mayina ati oyenera kuonekera kunja, mabanja awiri aakulu a makompyuta anayankha mosiyana. A Windows anati dzina lililonse likhale lobisika kufikira mwini wake atalitchula, kaya m'fayilo ya .def pansi pa mawu akuti EXPORTS, kaya poika chizindikiro pa chigawo chenichenicho m'khodi. A Unix, m'kalembedwe kawo ka ELF kamene Linux inatengera chapakati pa zaka za m'ma 1990, anati dzina lililonse limene mlembi sanalitsekere dala lituluke. Pa ziwirizi, ngakhale kuti moyo wanga wonse wa ntchito ndaukhalira kumbali ya Linux ndipo ndimaikonda, ndinene mosabisa kuti a Windows ndiwo anaona patali. Umboni wake ndi wakuti a Linux omwewo anakhala zaka zambiri akusula zida zotsekera zimene anasiya zotsegula: fayilo ya version script ya GNU ld, mmene mlembi amandandalika mayina pansi pa global, n'kumaliza ndi local ndi kanyenyezi kotanthauza ena onse; lamulo la -fvisibility=hidden limene linabwera ndi GCC 4.0 m'chaka cha 2005; ndi kalata yaitali ya Ulrich Drepper, amene anasamalira zaka zambiri glibc, laibulale yaikulu ya pa Linux, yophunzitsa kalembedwe ka malaibulale otere, imene mbali yake yaikulu ndi yodandaulira amisiri kuti achepetse mayina amene amatulutsa.

Makolo athu nzeru imeneyi anali nayo pa nkhani ya ukwati. Mabanja awiri akamalumikizana, kaya ndi kwa Achewa a ku Katete kaya m'midzi yozungulira Chipata muno, mbumba iliyonse, ingakhale ndi anthu ochuluka chotani, imatchula ankhoswe ake pamaso pa onse. Ndipo kuyambira pamenepo matenda, maliro, mkangano wa m'nyumba, zonse zimadzera mwa iwowo. Sikuti abale enawo ndi achabe, kapena kuti banjalo likubisa choipa; koma kuti a mbali inayo adziwe khomo logogoda, ndi kuti mawu a nkhoswe akhale mawu omanga, pamene zimene msuweni walankhula pamowa zikhale zake yekha. Mbumba ikhoza kukangana, kusamuka, kugawana minda mwatsopano, apongozi osavutika nazo, malinga ankhoswe ali pamalo pawo. Koma talingalirani banja limene silinatchule nkhoswe, limene linati aliyense wa ife mukhoza kumufikira: tsiku la mlandu lidzapeza kuti lamangidwa ndi malonjezo a anthu amene silinawatume, ndipo silidzatha kukana, popeza lokha ndilo linatsegula makomo onse. Laibulale yopanda mndandanda wa mayina ili m'tsoka lomwelo.

Ndinaziona ndi maso anga pa kantchito kakang'ono. Nyengo yogula mbewu ikafika, alimi a ku Chiparamba, ku Kalichero ndi kumbali ya Chadiza amabwera ndi matumba a mtedza, soya ndi mpendadzuwa pa njinga ndi pa ngolo, ndipo ogula ena masiku ano ali ndi masikelo amagetsi olumikizidwa ku kompyuta, kuti kulemera kwa thumba kulowe m'buku popanda dzanja la kalaliki. Wogula wina, amene sindimutchula, anandipatsa laibulale yowerenga sikelo yotere kuti ndiziisamalira, mlembi wake woyamba atapita kukagwira ntchito kwina. Zimene laibulaleyo inayenera kuchitira anthu akunja zinali zowerengeka pa zala: kutsegula sikelo, kuifunsa kulemera, kuibweza pa ziro, kuitseka. Koma nditaiunika ndi nm, chida chimene chimaonetsa mayina a m'fayilo, ndinapeza kuti chigawo chilichonse cha m'kati chinali pabwalo, ndi chimene chimachotsera kulemera kwa thumba lopanda kanthu chomwe. Chigawo chimenechi chinkawerenga m'makilogalamu n'kudula zotsalira, ndipo ine ndinafuna kuti chiziwerenga m'magalamu, kuti mlimi asamataye kanthu pa thumba lililonse. Ndisanakhudze kalikonse ndinayamba ndaunika mapulogalamu amene amadalira laibulaleyo, ndipo ndinapeza kuti mmisiri wina wa ku Lusaka, amene analemba pulogalamu yosindikiza malisiti, anali atachipeza chigawocho n'kuyamba kuchiitana mwachindunji.

Munthuyo sindimuimba mlandu. Anali ndi ntchito yofulumira, anaona khomo lotsegula, analowa. Koma taonani kuopsa kwake: m'chilankhulo cha C, linker imayang'ana dzina lokha, siifunsa tanthauzo. Ndikadasintha makilogalamu kukhala magalamu dzina lili lomwelo, palibe chenjezo limene likadaoneka, kompyuta ikadatsegula pulogalamu mwaulemu wonse, ndipo lisiti la mayi wobwera ndi thumba limodzi likadanama popanda woona. Dzina likasowa, pulogalamu imakana kutseguka n'kunena poyera kuti undefined symbol, ndipo kumeneko ndi kufa kwabwino, chifukwa aliyense amadziwa kuti zalakwika. Choopsa ndi dzina limene lilipo koma mtima wake wasintha. Motero chigawo chakalecho ndinachisiya monga chinalili, n'kulemba china chatsopano pambali pake, ndipo mpaka lero ndikusamalira lonjezo limene mlembi woyamba sanadziwe kuti akulonjeza. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iye anasiya mlomo, ndipo unatsata ine.

Hyrum Wright, mmisiri amene anagwira ntchito ku Google, anaona kuti ogwiritsa ntchito chinthu akachuluka, khalidwe lililonse looneka la chinthucho, lolonjezedwa ndi losalonjezedwa lomwe, limapeza wina wolidalira. Ndipo David Parnas anali atalangiza kale m'chaka cha 1972 kuti pogawa pulogalamu m'zigawo, chigawo chilichonse chibise kwa zinzake zinthu zimene zikhoza kudzasintha. Mndandanda wa mayina ndi pamene malangizo amenewa amaleka kukhala ulaliki n'kusanduka chitseko chokhala ndi loko, pakuti chenjezo lolembedwa m'bukhu munthu wotanganidwa saliwerenga, koma dzina limene linker yakana kulipeza sangalitsutse.

Palinso vuto lina limene limagwa popanda wolakwa. Pa Linux, mayina onse otuluka m'malaibulale a pulogalamu imodzi amakumana pabwalo limodzi, ndipo malaibulale awiri akakhala ndi dzina lofanana, limene lapezeka poyamba ndilo limayankha, ngakhale woitana anali kufuna linalo. Amisiri awiri osadziwana, wina ku Helsinki wina ku Bangalore, aliyense akatcha kachigawo kake ka m'kati dzina wamba monga init kapena log_error, pulogalamu ya munthu wachitatu ikhoza kugwa m'njira imene imatha masabata kuilondola. N'chifukwa chake malaibulale oleredwa bwino amaika mfunda patsogolo pa dzina lililonse lotuluka, monga png_ pa libpng ndi sqlite3_ pa SQLite. Onjezerani apo kuti dzina lililonse lotuluka limakulitsa fayilo, limachedwetsa kutseguka kwa pulogalamu popeza linker iyenera kufufuza m'gulu lalikulu, ndipo limamanga manja compiler (chida chosandutsa khodi kukhala pulogalamu), imene siingathe kufupikitsa kapena kutaya chigawo chimene mlendo akhoza kudzachiitana.

Nanga mndandandawo upangidwe bwanji? Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena achinyamata, amene luso lawo ndimalilemekeza. Makina akhoza kuupanga okha: nm iwerenge mafayilo onse amene compiler yatulutsa, kapulogalamu kena kasefe mayinawo, kalembe fayilo ya .def kapena version script, ntchito yatha. Libtool imachita zimenezi ukaiuza mfunda woti isankhire, ndipo CMake, kuyambira pa 3.4 m'chaka cha 2015, ili ndi lamulo limodzi lotulutsa mayina onse pa Windows monga zimakhalira pa Linux. Lamulo limenelo linathandiza ambiri kusamutsa malaibulale akale, ndipo sindilinyoza. Koma kulitenga ngati njira ya masiku onse ndiko kutaya chinthu chokhacho chimene Windows inachita bwino, ndipo m'malaibulale aakulu a C++ munthu amakagunda malire a mayina 65,535 amene DLL imodzi ingathe kutulutsa. Makina amadziwa zimene zilipo. Sadziwa zimene iwe wakonzeka kuziimirira zaka khumi zikubwerazi. Chifukwa chake ndimati makina awerenge, munthu asankhe. Mndandanda weniweni ukhale fayilo yolembedwa ndi dzanja, yosungidwa pamodzi ndi khodi, yoti kusintha kwake kuzioneka ndi aliyense. Pomanga laibulale makina atulutse mndandanda wa zimene zatulukadi, aufanizire ndi wolembedwa uja, ndipo akasiyana kumangako kuime.

Sindinazipeke ndine zimenezi. A OpenSSL, laibulale imene imateteza mbali yaikulu ya zimene timatumizirana pa intaneti, amasunga fayilo yotchedwa libcrypto.num, mmene dzina lililonse lotuluka lili ndi nambala yake ndi mtundu wa laibulale umene linayambira, ndipo kuchokera m'fayilo imodziyo makina amalemba mindandanda yoyenera Windows, Linux ndi ena. A Debian ali ndi chida chotchedwa dpkg-gensymbols, chimene chimaimitsa kumanga dzina limene linalipo kale likasowa. Mu Linux mwenimwenimo, chigawo cha m'kati sichingaitanidwe ndi driver womangidwa payekha pokhapokha wina atalemba EXPORT_SYMBOL pansi pake, ndipo mzere umodzi umenewo akuluakulu a ntchitoyo amaukambirana ngati mlandu. A OpenSSL omwewo anaphunzira ndi zowawa: kwa zaka zambiri zam'kati za laibulale yawo zinali poyera, ndipo pamene anazitseka mu 1.1.0 m'chaka cha 2016, mapulogalamu osawerengeka anayenera kulembedwanso. Anachita bwino kutseka, koma chitseko choikidwa mochedwa chimapana zala za anthu.

Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, amatero akulu a mpingo. Kodi ndiye kuti dzina likatuluka, mwini wake wamangidwa kosatha, osathanso kukonza cholakwa? Yankho la amisiri ndi lokoma ndithu. Kuyambira pa glibc 2.1 m'chaka cha 1999, potengera nzeru ya a Sun n'kuiwonjezera, dzina likhoza kukhala ndi mbadwo: laibulale imodzi isunge chigawo chakale ndi chatsopano pansi pa dzina lomwelo, pulogalamu yomangidwa kale ipatsidwe chakale, yomangidwa lero ipatsidwe chatsopano. Kumapeto kwa chaka cha 2010, ogwiritsa ntchito Fedora 14, mtundu wina wa Linux, anayamba kumva phokoso lonyansa pomvera nyimbo kudzera mu Flash ya Adobe. Chifukwa chake chinali memcpy, chigawo cha glibc chokopera zinthu kuchoka pamalo ena kupita pamalo ena m'kompyuta, chimene osamalira glibc anali atachifulumizitsa pochiyambitsa kukopera chakumapeto. Malamulo a C anali atanena kale kuti malo awiriwo asalowane, Flash inaphwanya lamulolo, ndipo kwa zaka zambiri sinalangidwe chifukwa kakoperedwe kakale kankaikhululukira. Osamalira glibc anali olungama pa chilamulo. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, analowa m'mkanganowo kumbali ya anthu wamba, amene sanalakwe kanthu koma nyimbo zawo zinaonongeka. Mapeto ake, mu glibc 2.14 ya 2011, memcpy yatsopano inapatsidwa mbadwo wakewake, ndipo mapulogalamu akale anasiyidwa ndi khalidwe lowakhululukira. Chigamulo chimenecho ndimachiyesa cha mfumu yanzeru, chifukwa chinasunga lamulo osapereka nsembe anthu osalakwa; ndipo chinatheka kokha chifukwa panali mndandanda wolembedwa woti mbadwo watsopanowo ulembedwemo.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za ku America ndi ku Ulaya. Koma apite ku msika wa Kapata kapena ku Down Shops akaone mafoni amene ali m'manja mwa anthu, a Tecno, a itel, a Samsung akale ogulidwa kwa wina: ambiri mwa iwo ndi Android, ndipo m'kati mwake malaibulale a .so akuitanizana mayina nthawi iliyonse munthu akatumiza ndalama kumudzi. Kwa zaka zingapo olemba mapulogalamu a m'mafoni ankaitana malaibulale a m'kati mwa Android amene sanalonjezedwe kwa iwo. Pamene Google inachotsa OpenSSL n'kuikapo BoringSSL mu Android 6.0 m'chaka cha 2015, mapulogalamu amene ankadalira yakaleyo anayamba kugwa, ndipo mu Android 7.0 ya 2016 linker ya m'foni inauzidwa kukaniza mapulogalamu kulowa m'malaibulale amene sali pa mndandanda wovomerezeka. Amene pulogalamu yake inaleka kutseguka m'mawa wina sanadziwe za mndandanda uliwonse. Anangoti foni yakalamba, kapena anakailipirira kwa wokonza mafoni amene sakanatha kuichiza.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza mtima. Wokhala kumene intaneti ndi yotchipa ndi magetsi osazima, pangano la mayina likasweka, amatsitsa zonse zatsopano m'mphindi zochepa n'kuiwala. Ife tili pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka, ndipo ambiri a amene timawatumikira ali kutali kuposa apo, kumene netiweki imapezeka pokwera chulu. Makompyuta athu ambiri anagwirapo kale ntchito kwina asanafike kuno. Bandulo imagulidwa ndi ndalama imene ikadagula ndiwo. Ndipo m'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankabwera maola owerengeka, kawirikawiri usiku. M'malo otere laibulale imasinthidwa lero, pulogalamu yoidalira n'kudzasinthidwa chaka chamawa kapena osasinthidwa konse, popeza amene anailemba anachoka ndipo khodi yake palibe akudziwa kumene ili. Mphatso yonse ya malaibulale oima paokha, yakuti ukonze kafayilo kamodzi kakang'ono n'kukatumiza pa foni kwa kalaliki wa ku Vubwi osakhudza zina zonse, imagona pa kukhulupirika kwa mayina. Mmisiri wa kutali amene amatulutsa mayina mosasamala n'kudzawachotsa mosasamala saona nkhope za amene amalipira. Ife timakumana nawo kutchalitchi ndi kumaliro.

Ndamvapo ena akudandaula kuti kubisa mayina kukutsutsana ndi mzimu wa mapulogalamu aufulu, amene ife osauka tapindula nawo kwambiri. Dandaulo limeneli ndimalimvetsa, koma lasokoneza zinthu ziwiri. Khodi ikhale poyera, aliyense aiwerenge, aphunzirepo, aikope, aisinthe monga afunira; chimene mndandanda ukukana ndi chakuti wina amange nyumba yake pa khoma limene mwini wake ananena kuti adzaligumula. Ndipotu kutsekako ndiko kumapatsa mlembi ufulu wokonza zam'kati mopanda mantha, kotero kuti laibulale ya mayina ochepa imakula msanga kuposa ya mayina ambiri.

Pa laibulale ya sikelo ija, mndandanda tsopano ulipo, ndipo ndi waufupi kotero kuti umakwana pa sikirini popanda kutsitsa. Chigawo chakale cha makilogalamu chili momwemo, pansi pa mbadwo woyamba, ndi mawu ofotokoza amene akuchidalira ndi chifukwa chake sichinachotsedwe; cha magalamu chili pansi pa mbadwo wachiwiri. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito akafuna kuti dzina lina lituluke, amayamba walemba zimene chigawocho chimalandira, zimene chimabweza, muyeso umene chikuwerengera, ndi chimene chidzachite sikelo ikazima thumba lili pamwamba. Tikagwirizana, iye mwini ndiye amalemba dzinalo m'fayilo ndi kusaina kusinthako. Mmisiri wa ku Lusaka uja ndinamulembera kalata yomufotokozera zonse, ndipo anayankha mwaulemu kuti adzasamukira ku chigawo chatsopano nyengo yogula mbewu ikatha, pamene kuimitsa makina osindikiza malisiti sikudzasunga alimi pamzere.